Matope a pa Mpata

Halifax, 9 Okutobala 2018

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga. Ine ndili bwino, kungoti chimfine chandigwira chifukwa cha kutentha kwa m'nyumba zawo, anthu kuno amasonkha moto ngati akufuna kuphika munthu. Kaya inu mwendo uja ukuti bwanji? Ndikulemba papepala monga munanenera, poti pa lamya mumati ndimamveka ngati ndili m'chitini.

Ntchito ndayamba. Matope onse aja tinavuula pansi pa nyanja yathu ya kumpoto ndi sitima mu Ogasiti ali kuno, m'mapaipi awo, m'chipinda chozizira. Ine ndimanyamula mapaipiwo, kuwang'amba pakati m'litali, mbali imodzi kusunga, inayo kuidula tizidutswa ta chala chimodzichimodzi. Kapitawo wathu ndi mdala wina wa ndevu zaimvi, a Angus, amene atsala chaka chimodzi kuti apume pantchito. Tsiku loyamba anandipeza nditavula jekete m'chipinda chozizira muja, akuti, "Iwe, kodi amako anakuberekera m'firiji?" Ine ndati, "Madala, muno ndiye kwathu, panja panupo ndi kuchilendo." Basi, dzina langa tsopano ndi Wamfiriji.

Eni ntchito ndi Mayi Thibodeau, aja a chipewa chofiira anadya nsomba yaiwisi kwathu osachita tsinya. Munandifunsa kuti munthu wophunzira chonchija akufunanji m'matope. Akuti ndere zomera kunsi kwa ayezi, madzi oundana a pamwamba pa nyanja, zimagwera pansi ayeziyo akasungunuka, n'kugona m'matope, chaka pamwamba pa chinzake. Pansi pa paipi ndi makedzana, pamwamba ndi dzulo. Pamene ndere zachuluka, nyanja inkauma gwa nthawi imeneyo. Pamene zasowa, kunali madzi okhaokha. N'chifukwa chake paipi iliyonse ili ndi muvi woloza kumwamba, ndipo a Angus amati muviwo ndiwo lamulo loyamba ndi lotsiriza. Mivi yonse ya chaka chino ndinalemba ndine pa sitima paja.

Paipi ya pa Mpata ilinso pano, nambala 14. Ndikamadutsa pamene ili ndimayang'ana kumbali.

Za pakati pa mlongo wanga Oolayou ndasangalala kwambiri. Koma mwandipweteka mtima ponena kuti asewele anu a Ipeelie, apongozi a Oolayou, akana kale kuti mwanayo adzapatsidwe dzina la Bambo. Ndikudziwa kuti mwana wawo Adamie anamira limodzi ndi Bambo pa Mpata, ndipo bala lawo ndi lathu ndi limodzi. Koma kumanena kuti Bambo anamutsogolera mnyamatayo pa ayezi amene aliyense amadziwa kuti ngobooka chiyambire kale, limenelo ndi bodza. Ana atatu abadwa m'mudzi chimwalirireni iwo, palibe ndi mmodzi yemwe watenga dzina la Pudloo. Munthu amabwerera kwa abale ake ndi dzina, kaya khandalo ndi lalimuna kapena lalikazi. Bambo akhala panja mpaka liti?

Ndatumiza kangachepe ka mafuta a mbaula. Chitseko cha kosungira nyama chija muuze alamu anga a Mathewsie achikhome nkhandwe zisanazolowere.

Ine mwana wanu,
Simeonie

Halifax, 18 Novembala 2018

Amayi,

Moni. Chimfine chija chinatha. Ndamva kuti mwendo ukukuvutani mukamakwera masitepe a tchalitchi, chonde musamachite manyazi ndi ndodo.

Nsomba zouma zija zafika, zikomo. Ndinapita nazo kuntchito, a Angus n'kununkhiza akuti, "Wamfiriji, izi n'zodya kapena zokhomera denga?" Pomwe ndimabwera kokasamba m'manja n'kuti atamaliza ziwiri, mafuta ali chezichezi m'ndevu. Akuti ndikuuzeni kuti akadakhala mbeta akadabwera kudzakufunsirani. Ndawauza kuti pa ayezi sangathe n'kuima komwe.

Kuno nyanja siuma, Amayi. Novembala uno madzi ali pululu, sitima zikungolowa ndi kutuluka. Ndimapita kudoko Lamlungu kukangoyang'ana, koma maso sakhuta. Nyama ya m'sitolo ilibe fungo, ndipo mtengo wake ndikakuuzani mudzati ndayamba kunama.

Ndili ndi nkhani yabwino. Ndinalimba mtima n'kuwafotokozera Mayi Thibodeau za Bambo. Anasiya zimene amachita, anakhala pansi, anamva zonse. Ndinawauza mmene Bambo ankanenera kuti njira ya pa Mpata anaiphunzira kwa agogo, agogo kwa bambo awo, ndipo palibe anaona ayezi akugwedera pamenepo mu Febuluwale. Iwo akuti, "Simeonie, matope sadziwa tsiku limodzi. Sangandiuze za m'mawa umene bambo ako anamira. Koma angandiuze ngati makolo ako ankayenda pouma." Alonjeza kutsegula nambala 14 isanafike nthawi yake, ndipo mu Malichi adzabwera okha kumudzi kudzawerenga zimene apeza pamaso pa bungwe la alenje.

Ndiye musakangane ndi a Ipeelie mukakumana kusitolo. Ingowapatsani moni. Matope adzayankha, ndipo adzayankha mwana asanabadwe.

Pali kanthu kena ka pa sitima paja kamene kamandibwerera m'mutu ndikamadya. Si kanthu kwenikweni. Tsiku limenelo kunali mafunde, basi.

Galu wakuda uja wa Bambo musamupereke kwa munthu, ngakhale akalambe bwanji. Nsapato zanga zachikopa muziike pozizira, zingaume.

Simeonie

Halifax, 13 Januwale 2019

Amayi okondedwa,

Moni wa chaka chatsopano. Thupi lili bwino. Pepani kuti ndakhala chete nthawi yonseyi, cholembera chimandilemera.

Nambala 14 tinaitsegula. Ndinadula ndekha, chala chimodzichimodzi, kuyambira kumene kukuloza muvi mpaka pansi. Lachinayi lapitali Mayi Thibodeau anandiitana mu ofesi mwawo n'kutseka chitseko.

Akuti matope a pa Mpata akunena zosiyana ndi zimene timayembekeza. Kumunsi, kumene kuli makedzana, ndere za ayezi n'zochepa. Kumtunda ndiye zadzaza. Tanthauzo lake akuti kale pa Mpata panali pamadzi, ayezi olimba ndi a posachedwa. Ndinafunsa kuti, "Ndiye kuti makolo athu sankadutsapo?" Anangoti, "Matopewa akutero. Pepa, Simeonie." Iwonso ndi odabwa, chifukwa mapaipi ena onse a m'dera lathu akunena kuti kale kunali kouma. Akuti mwina madzi a pa Mpata ali ndi mayendedwe akeake. Anapeza kachigoba ka nkhono kumunsi kwa paipiyo, akatumiza kwina kuti akayeze zaka zake, koma yankho limatenga miyezi.

Ndinatuluka osatsanzika. Ndinakakhala m'chipinda chozizira mpaka nthawi yoweruka.

Amayi, musauze munthu. Ndikudziwa kuti ndine ndinakuuzani kuti matope adzayankha, ndipo ndikudziwa kuti inu simusunga nkhani yabwino m'kamwa. Ngati munauza kale amayi a kutchalitchi, ingokhalani chete tsopano. Oolayou makamaka asamve, mimba yakula.

Ine sindikukhulupirira kuti Bambo ankanama. Munthu amene ankagogoda ayezi ndi mkondo katatu ngakhale pakhomo penipeni! Pali china chimene ndikuganiza, koma ndikachiyang'anitsitsa chimandiyang'ananso.

Mbaula ikayamba kufuka utsi musaisegule nokha, itanani a Mathewsie.

Mwana wanu,
Simeonie

Halifax, 3 Febuluwale 2019

Amayi,

Kalata yanu ndailandira. Ndili moyo. Kuti ndili bwino, ayi.

Sindinkadziwa kuti Mayi Thibodeau amatumiza kwa bungwe la alenje chilichonse chimene apeza, ndi lonjezo lawo kwa mudzi, sindingawadzudzule. Ndiye a Ipeelie awerenga, ndipo mwati anaima pakati pa sitolo n'kunena kuti ngakhale matope amene mwana wa Pudloo wakumba yekha akuti Pudloo anali wabodza. Mwati munasiya shuga pakauntala n'kubwerera. Ndalira powerenga pamenepo.

Tsopano khalani pansi ndikuuzeni chimene ndakhala ndikubisa.

Tsiku limene tinavuula nambala 14 kunali mafunde aakulu. Paipi itadulidwa ndinatseka mbali zonse ziwiri, ndipo ndisanalembe muvi sitima inapendama. Paipiyo inapulumuka m'manja, inagubuduzika mpaka kukhoma, inazungulira kawiri kapena katatu. Nditaitola sindinadziwenso kumutu ndi kuti. Lamulo ndi lakuti zikatero uitane kapitawo, paipiyo ilembedwe kuti njokayikitsa. Koma a Angus anali atandiyamikira m'mawa womwewo pamaso pa anthu kuti mnyamata uyu tipita naye kummwera. Ndiponso inali ya pa Mpata, sindinafune kuti itayidwe. Ndinaiyang'ana uku ndi uku, ndinasankha mbali imodzi, ndinalemba muvi. Safunsa anadya phula, Amayi, ndipo ine ndadyetsa ndi inu nomwe.

Miyezi yonseyi ndimadziuza kuti ndinasankha bwino. Lolemba ndimakulunganso mbali yosungidwa ija, ndipo kumunsi kwenikweni, kumene muvi wanga ukuti ndi makedzana, ndinaona kanthu kobiriwira. Ndinakatola ndi nsonga ya mpeni. Ndi kaulusi ka ukonde, ka nayiloni, kaja timagula kusitolo kwathu. Makolo a makedzana anautenga kuti ukonde wa nayiloni?

Kaulusiko kali m'thumba la malaya anga, m'kapepala, lero tsiku lachisanu ndi chiwiri. Mudzati ukudikiranji, si zimene timafuna? Inde. Koma ndikakaonetsa, mivi yonse ya chaka chino idzakayikiridwa, chifukwa yonse ndi dzanja langa. A Angus anasainira kuti zonse zili bwino, ndipo akufuna kupuma ndi mbiri yoyera. Ntchito yanga idzathera pomwepo. Choposa zonse, a Ipeelie adzati make mbuu, mwana mbuu: bambo anangoganizira pa ayezi, mwana wangoganizira pa matope. Kapena adzati ndatembenuza dala matope kuti ndiyeretse Bambo.

Ndikakhala chete, ntchito ndisunga, Bambo akhala panja. Ndikuopa, Amayi. Musandiimbire lamya, sindingathe kulankhula.

Simeonie

Halifax, 17 Febuluwale 2019

Amayi anga,

Moni. Lero ndadya bwino koyamba mwezi uno.

Kalata yanu inali ya mizere itatu yokha, koma inakwana. Munati Bambo akaiwala kugogoda ayezi ankabwerera kukagogoda, ngakhale anzawo awaseke.

Ndinayamba ndi a Angus, nthawi ya tiyi. Ndinaika kaulusi patebulo n'kufotokoza zonse. Anaika kapu yawo pansi. Kenako akuti, "Chitsiru iwe. Chitsiru chenicheni cha m'firiji! Ine ndinali pomwepo, mapazi khumi okha, ukanangoti madala taonani. Zaka makumi atatu sindinatumizepo paipi yozondoka!" Ndinati pepani, akuti pepani wakoyo ukamuuze matope. Anatuluka panja, anasuta fodya amene anasiya chaka chatha, anabweranso akuti, "Dzuka, tiye. Ndiyamba kulowa ndine, iwe uzibwera pambuyo."

Mayi Thibodeau sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anali atalembera kale anzawo akutali kuti apeza chodabwitsa pa Mpata, tsopano ayenera kubweza mawu. Anakayang'ana kaulusiko pa makina okuza zinthu, anakayang'ananso dzenje limene ndinakachotsa, n'kunena kuti, "Inenso ndinakhulupirira muvi kuposa maso anga." Kenako anatenga pepala lawo lija la ndere, analitembenuza mutu pansi, n'kuliika pambali pa mapepala a mapaipi enawo. Amayi, zinagwirizana ngati mano a zipi. Zaka mazanamazana za ayezi olimba, ndiye kumapeto kwenikweni ndere n'kuyamba kusowa.

Ndinakhala pansi penipeni mu ofesi ya anthu.

Cholembera mivi andilanda. Mapaipi onse akuwaonanso imodziimodzi, ine ntchito yanga tsopano ndi kutsuka zitsulo ndi kukolopa. Pangano langa likatha mu Meyi salionjezera, andiuza mosabisa. A Angus aitanidwa kwa akuluakulu kawiri. Sakunditchulanso Wamfiriji, akungoti Simeonie, ndipo chimenecho chikundiwawa kuposa kukolopa.

Kumsonkhano wa Malichi sindibwera. Ndawapempha Mayi Thibodeau kuti akanene zonse, ndi dzina langa lomwe, asabise. Inu mukakhale kutsogolo, muvale chovala chanu chachikopa chija.

Simeonie

Halifax, 26 Malichi 2019

Okondedwa Amayi,

Moni. Ndili bwino, manja okha achita zikang'a ndi sopo. Ndamva kuti munayenda mpaka kuholo popanda ndodo. Makani anuwo!

Mayi Thibodeau abwerako ndipo andifotokozera, koma ine ndakonda mmene mwalembera inu. Ndiye a Ipeelie anayankhuladi monga ndinanenera, kuti mwana watembenuza matope kuti atsuke bambo ake. Akuti Mayi Thibodeau anawerenga kalata ya kachigoba ka nkhono kaja, imene inafika atatsala pang'ono kunyamuka: kachigoba kamene muvi wanga unkati n'ka makedzana n'kaposachedwa, mwina n'kang'ono kwa inu. A Ipeelie n'kunena kuti za makalata a kummwera iwo alibe nazo ntchito.

Zimene zinatsatira ndawerenga kanayi. Kuti anapempha kaulusi kaja, anakachotsa m'kabotolo, anakapotokola ndi zala, anakaluma ndi mano. Munthu woluka maukonde moyo wake wonse. Ndiye anati, "Uwu unafika kusitolo Mathewsie akukwawa. Bambo anga sanauonepo." Kenako anafunsa kuti, "Nanga ayeziwo anayamba kupyapyala pati?" Mayi Thibodeau n'kuwaonetsa pa chithunzi cha paipi, paipi yotalika ngati munthu, kuti apa, zala ziwiri kuchokera pamwamba. A Ipeelie anaika zala zawo ziwiri pachithunzipo, kenako n'kutuluka osatenga chipewa.

Mwandifunsa kuti zikutanthauzanji, poti mpaka lero sananene kanthu. Sindikudziwa, Amayi. Koma ndakhala ndikuwaganizira mdala ameneyu. Zaka ziwiri zonsezi anali ndi munthu womukwiyira. Tsopano tawalanda, tawasiyira nyanja, ndipo nyanja sungaitukwane kusitolo. Inu mukudziwa, ine ndikudziwa, kuti iwonso anadutsa pa Mpata kambirimbiri ali anyamata. Musawakumbutse. Chipewa chawocho, ngati chikadali kuholo, mukachitenge muwapititsire.

Za dzina musaumirize Oolayou, ali pakati pa mioto iwiri. Zimene tikanatha tachita.

A Angus dzulo anandiponyera nsanza akuti, "Pukuta apa, Wamfiriji." Ndinapukuta ndikumwetulira ngati wopenga.

Simeonie

Halifax, 28 Epulo 2019

Amayi,

Moni, moni, moni! Ine ndili bwino kwambiri. Oolayou ali bwanji, akudya? Pa lamya paja sindinamve kanthu, inu kulira, ine kulira, waya nayenso kulira. Bwino kuti mwalemba.

Ndiye ndi wamkazi, wa tsitsi lambiri. Ndipo mwati a Ipeelie anafika m'mawa ndi chiwindi cha katumbu wa m'nyanja chikadali chofunda, anaimirira pakhomo osavula nsapato, mpaka a Mathewsie anawapatsa mwanayo m'manja. Kuti anamuyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Adamie, mwana wanga, wabwera." Kenako anamutembenuzira kwa inu akuti, "Asewele, sanabwere yekha. Anapita awiri, abwera awiri. Landirani amuna anu." Ndinawerengera mawu amenewa a Angus, ndipo mdala uja anayamba kupukuta maso n'kudandaula kuti m'firiji muli fumbi.

Adamie Pudloo. Ndalilemba papepala kangapo kuti ndione mmene likuonekera.

Ntchito ikutha pa 17 Meyi. Musade nkhawa, ndipeza china, manja ndili nawo. Mayi Thibodeau akuti sitima ikadzabweranso kwathu adzafuna munthu wodziwa nyanja, za cholembera sananene, inenso sindinafunse. Mapaipi ena onse apezeka kuti anali bwino, a Angus apuma ndi mbiri yawo. Andipatsa mpeni wawo wodulira matope, akuti ndizikadulira nsomba zokhomera denga.

Muwauze a Mathewsie ndi anyamata onse kuti pa Mpata asadutsenso, ngakhale kuzizire chotani. Njira ya makolo ija yatha. Azizungulira kumtunda, mafuta athe, anthu atsale.

Galu wakuda uja mupite naye akanunkhize mwanayo, muone ngati angamuzindikire.

Tsopano kalatayi muiike pafupi ndi khutu lawo, mawu otsalawa si anu.

Bambo, ndine Simeonie. Takulandirani, munakhalitsa panja. Ndinalakwitsa muvi, Bambo, koma ndinabwerera kukagogoda. Yamwani kwambiri, musavutitse Oolayou usiku. Ndikubwera mwezi wamawa ndi tinsapato tanu.

Mwana wanu,
Simeonie